Tikambirane Amayi: Walira Mvula Walira Matope

 

M'masabata apitawa ndalandira makalata awiri ofunsa za chinthu chimodzi. Kalata ina yachokera kwa amayi a kwaya ina ya ku Mponela, inayo kwa mlembi wa gulu la amayi osoka zovala ku Balaka. Onsewa adamva kuti gulu lathu lili ndi ng'oma zachizungu zimene tidagula ku England kudzera pa lamya ya m'manja, ndipo afuna kudziwa m'mene tidachitira kuti nawonso atero. Ndaganiza zoyankha poyera pano, pakuti ndidziwa kuti alipo enanso amene ana awo awaonetsa zithunzi za katundu wotsika mtengo pa intaneti, mtima n'kuyamba kudumpha.

Ndisanalowe m'nkhani, ndinene mawu amene ndifuna kuti muwasunge ngakhale mutaiwala zina zonse. Mtengo wa chinthu chogula kunja si ndalama zija zalembedwa pansi pa chithunzi ayi. Mtengo wake weniweni ndi ndalama zonse zimene mudzakhale mutatulutsa pofika tsiku limene katunduyo adzalowe pakhomo panu. Ife tidaphunzira zimenezi mochedwa, ndipo padatsala pang'ono kuti gulu lathu lipasuke.

Chimene tidafunira ng'omazi

M'gulu lathu tidalimo amayi 24, ndipo timakumana Lachiwiri lililonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu. Tili ndi banki m'khonde, komanso thumba lina lapadera la chitukuko. M'chaka cha 2023 thumba limeneli litanenepa, tidakhala pansi kuti tione chochita nalo. Ena ankafuna makina osokera, ena nkhuku za mazira. Koma ambiri tidaona kuti m'dera lathu muli mipingo yambiri, maukwati ndi zinkhoswe sizitha, ndipo oimba amachita kukabwereka zida kutauni pa mtengo wokwera, kuonjezapo galimoto yozinyamula. Tidaonanso anyamata athu amene adalekeza sukulu akungoswera pa bawo, pomwe ena mwa iwo ali ndi manja aluso, amaomba bwino ng'oma zopanga okha ndi zigubu, mawaya ndi zitsekerero za mabotolo. Motero tidapangana kuti tigule ng'oma zathuzathu, tizibwereketsa, anyamata awiri aziomba ndi kulandira kangachepe.

Musandimve molakwa, ng'oma za makolo sitidazitaye. Pa chimtali ndi pa chisamba timaomba zomwezija zosema. Koma nyimbo za makwaya a masiku ano, zoimba ndi magitala ndi kiyibodi, zimafuna ng'oma zinazi, zimene munthu mmodzi amaomba atakhala pa kampando, manja ndi mapazi zonse zili pa ntchito.

Mlembi wathu ali ndi mwana wamwamuna amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leicester ku England, ndipo asanapite ankaomba ng'oma kutchalitchi. Titamupempha nzeru adatiuza kuti ndalama yathuyo ingathe kugula ng'oma zatsopano za mtundu wachabe zosachedwa kugwedera, kapena zakale zolimba zimene eni ake atopa nazo. Iye adatilangiza zakalezo.

Chifukwa chake zakale zimafunidwa

Poyamba ndidadabwa kumva kuti chinthu chakale chingapose chatsopano. Koma nditakumbukira makina osokera a Singer amene adasiya agogo, amene mpaka lero akusokabe pomwe atsopano angapo adafera m'manja mwathu, ndidamvetsa. Ng'oma nazo n'chimodzimodzi. Pali makampani a mbiri amene adazipanga kwa zaka zambiri. Gretsch idayamba ku Brooklyn mumzinda wa New York mu 1883. Ludwig idayamba ku Chicago mu 1909. Premier idayamba ku London mu 1922, ndipo pambuyo pake fakitale yake idakakhala ku Wigston, pafupi ndi Leicester pomwepo, kotero kuti ng'oma zake zakale sizisowa m'dzikomo. Oimba ambiri amakonda ng'oma zopangidwa m'zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970 chifukwa cha kamvekedwe kake ndi kulimba kwa zitsulo zake.

Koma pali msampha. Mu Febuluwale 1964 Ringo Starr, woomba ng'oma wa gulu la Beatles, adaonekera pa wailesi ya kanema ku America akuomba ng'oma za Ludwig, ndipo anthu adayamba kuzilimbirana kuchokera pomwepo. Mu Disembala 2015 ng'oma zina za mkulu ameneyu zidagulidwa pa okushoni ndi ndalama zoposa madola 2 miliyoni. Zimenezi zitionetsa kuti pa msika wa ng'oma zakale pali ogula a mitundu iwiri. Ena amagula kuti azisunge ngati chuma, ndipo salola ngakhale kabawuti kamodzi kosinthidwa. Ena amagula kuti aziomba. Ife amayi a m'magulu tili m'gulu lachiwirili. Tisapikisane ndi anthu a chuma pa ng'oma zonyezimira za dzina lotchuka. Ng'oma yokandika, yosuluka mtundu, kapena yosafanana utoto ndi zinzake imatsika mtengo, chonsecho ikalira palibe amene angadziwe kuti ili ndi zipsera.

Okushoni wa pa intaneti

Amene mudalimapo fodya mukudziwa m'mene okushoni amayendera ku Kanengo kapena ku Limbe: ogula amapikisana, ndipo wotchula mtengo waukulu ndiye amatenga. Pa intaneti n'chimodzimodzi, ndipo msika wodziwika kwambiri wa mtundu umenewu ndi eBay, umene udayamba ku America mu 1995. Palinso Reverb, wa zida zoimbira zokhazokha, umene udayamba mu 2013, koma kumeneko kawirikawiri wogulitsa amatchuliratu mtengo, inu n'kunenerera. Kusiyana kwake ndi kwa fodya n'kwakuti wogula fodya amaligwira tsamba, amalinunkhiza, pomwe pa intaneti muli ndi chithunzi ndi mawu a munthu amene simudamuonepo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Wogulitsa amaika tsiku ndi ola limene mpikisano udzathe. Wogula amalemba ndalama yomaliza imene angalolere kulipira, ndipo makina amamupikisanira okha pang'onopang'ono mpaka kufika pa malirewo. Masiku oyamba mtengo umaoneka wotsika kwambiri, koma umenewo ndi unyengo wa maso chabe, pakuti akatswiri amadikira mphindi yomaliza ndi pamene amaponya mitengo yawo. Dziwaninso kuti nyumba zina za okushoni zimaonjeza gawo lawolawo pamwamba pa mtengo umene mwapambanira, choncho werengani malamulo awo musanalowe.

Ife tidapangana malire a mapaundi 250. Mu Okutobala 2023 mnyamata uja adapeza ng'oma zoyamba, ndipo mpikisano wake unkatha 8 koloko madzulo kumeneko, kwathu kuno ili 9 koloko. Amayi asanu tidasonkhana kunyumba kwa mlembi. Magetsi adali atazima, tidazungulira lamya imodzi ndi kandulo. Kutatsala mphindi ziwiri mtengo udadumpha malire athu, ndipo tidamva mawu a mnyamatayo akunjenjemera: “Amayi, ndionjezeko mapaundi khumi okha?” Ndiulule kuti ine ndidati aonjeze. Koma amayi a msungichuma, amene ndi aakulu kwa tonsefe, adayankha mofatsa: “Iyayi mwananga, tidapangana kale. Zisiye zipite.” Ng'oma zija zidapita, ndipo ndidagona ndi chinyezi mumtima. Lero ndimawathokoza amayi amenewa, chifukwa pa okushoni khumi amaitana khumi mnzake, ndipo ndalama ya gulu si ya munthu mmodzi kuti aitaye chifukwa cha kutentha kwa mtima.

Zoyenera kufunsa musanapikisane

Ng'oma zachiwiri tidazileka tokha. Zidali zokongola, za Premier, koma mnyamata uja atapempha wogulitsa kuti ayeze kukamwa kwa ng'oma iliyonse ndi tepi, adapeza kuti zidali za muyeso wakale. Ng'oma zina za ku England zimene zidapangidwa zaka za m'ma 1960 zisanathe zili ndi muyeso wakewake, wosiyana pang'ono ndi umene dziko lonse likugwiritsa ntchito tsopano. Si kuti n'zoipa ayi, koma zikopa wamba za m'sitolo sizilowa, muyenera kuchita kuitanitsa zapadera. Kwa munthu wa ku England imeneyo ndi nkhani yaing'ono, koma kwa ife chikopa chikang'ambika Lachisanu, ukwati uli Loweruka, ndiye kuti ntchito yaima. Safunsa adadya phula.

Tsono pemphani zithunzi zambiri ndipo funsani zinthu izi. Kodi thunthu la ng'oma likadali lozungulira bwino, kapena lidapindika? Ayeze m'mbali ziwiri zopingasana, miyeso ifanane. Kodi mlomo wa thunthu, pamene pamakhala chikopa, ndi wosalala? Achotse chikopa ajambule, pakuti mlomo ukakumbika ng'oma simvekanso bwino ngakhale muikunge motani. Thunthulo limapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomata pamodzi, ndiye funsani ngati sitidayambe kumatuka ndi chinyontho. Onani ngati mikombero, mabawuti okungira, miyendo yachitsulo ndi chopondera zonse zilipo, chifukwa kachitsulo kamodzi ka ng'oma ya zaka 50 kangathe kukusowetsani mtendere. Mbale zamkuwa zija oimba amati ma cymbal muzionetsetse m'mphepete ndi pa chibowo cha pakati, popeza mng'alu waung'ono umakula nthawi iliyonse imene mbaleyo yamenyedwa. Pomaliza werengani zimene ogula ena adalemba za wogulitsayo, ndipo akakuuzani kuti mulipire mwamseri kunja kwa msikawo kuti akutsitsireni mtengo, thawani.

Ng'oma zachitatu ndizo tidapambana, pa mapaundi 210: yaikulu yopondera ndi phazi, ziwiri zapakati, kang'oma kolira mokuwa kaja amati snare, miyendo yake, ndi mbale zamkuwa ziwiri. Tidaimba nthungululu usiku umenewo ngati kwabadwa mwana. Tinkayesa kuti tapulumutsa mapaundi 40. Tidaiwala mawu a akulu aja akuti walira mvula walira matope.

Ulendo wa ng'oma

Matope oyamba adali pafupi. Ogulitsa ng'oma ambiri safuna za kutumiza, amalemba kuti wogula adzatenge yekha. Wathuyu ankakhala mtunda wa maola atatu pa galimoto kuchokera ku Leicester, motero padalowa ndalama ya mafuta ndi tsiku lathunthu la ntchito la mwana wa eni ake. Komabe ulendowu udali ndi ubwino wake, pakuti adaziona ndi maso asananyamule. Misika ya pa intaneti ili ndi malamulo oteteza wogula ngati katundu wafika wosiyana ndi chithunzi, koma malamulowo ali ndi masiku ake owerengeka, ndipo kawirikawiri amathera pa keyala imene mudapereka pogula. Katundu akafika kwa mbale wanu kunjako, auone tsiku lomwelo. Mukadikira kuti mudzadandaule atafika ku Malawi, mudzapeza khomo lotseka.

Kenaka padabwera funso la ndege kapena sitima yapamadzi. Ine ndinkaganiza kuti popeza ng'oma ndi yopepuka, m'kati muli mphepo yokhayokha, ndege siingadule. Apa ndi pamene ndidaphunzira kuti onyamula katundu salipiritsa kulemera kokha, amalipiritsanso malo amene katundu watenga. Makampani ambiri onyamula mapaselo pa ndege amayeza katoni m'litali, m'lifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kuchulukitsa zitatuzo, n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya ng'oma yaikulu yotalika masentimita 60, m'lifupi 60, msinkhu 50, imawerengedwa ngati makilogalamu 36, ngakhale sikelo itanena kuti ndi 12 okha. Mumalipira nambala imene yakula pa ziwirizo. Titawerengera tidaona kuti ndege yokha ikadaposa mtengo wa ng'oma zonse, choncho tidasankha sitima.

Njira yochepetsera malo ndi imene ife amayi timaidziwa kale posunga mapoto: kaang'ono m'kati mwa kokulirapo, onse m'kati mwa lalikulu. Amachotsa zikopa ndi mikombero, ng'oma yaing'ono n'kuilowetsa m'kati mwa inzake, pakati pake n'kutsekera ndi makatoni, mabulangete kapena zovala kuti zisakhudzane. Mabawuti amaikidwa m'timatumba tolembedwa kuti awa ndi a ng'oma yakuti. Zitsulo zolemera, monga miyendo ndi chopondera, zikhale m'katoni yawoyawo. Mbale zamkuwa azilekanitse ndi nsalu. Ndipo ajambule zithunzi katoni isanatsekedwe, ajambulenso itatsekedwa.

M'mizinda ya ku England mmene muli Amalawi ambiri mumapezeka anthu amene amasonkhanitsa katundu wa anthu osiyanasiyana m'kontena imodzi yobwera kuno. Kontenayo siinyamuka kufikira itadzaza, ndipo apo pokha masabata amatha. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, choncho katundu amatsikira ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, kapena ku Durban ku South Africa, n'kudzalowa pa zipata monga Mwanza, Dedza kapena Songwe. Ife tidauzidwa kuti tiyembekeze miyezi itatu. Koma kumapeto kwa 2023 zigawenga za ku Yemen zidayamba kuthira nkhondo sitima zodutsa pa Nyanja Yofiira, ndipo makampani ambiri adaleka njira ya Suez n'kumazungulira kunsi kwa Africa. Nkhondo ya kutali imene tinkangoimva pa wailesi idakhudza thumba la amayi a pansi pa mtengo wa mango. Miyezi itatu idasanduka isanu ndi umodzi.

Msonkho ndi kugwa kwa kwacha

Matope aakulu adali awa. Mnyamata uja adalipira zonse za kumeneko ndi mapaundi ake, ife n'kulonjeza kuti tidzamubwezera pa mtengo wa kubanki wa tsiku lobwezalo. Tidazengereza, tikuti tidzabweza zonse pamodzi katundu akanyamuka. Mu Novembala 2023 Reserve Bank idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kunena mwachidule, pa K100 iliyonse ya ngongole yathu padafunika K144. Tidagona ndi ngongole ina, tidadzuka ndi ina. Aka sikadali koyamba, chifukwa mu Meyi 2022 kwacha idali itatsikanso ndi 25 peresenti, ndipo tikadakhala atcheru tikadatengerapo phunziro. Ngongole ya ndalama zakunja ibwezedwe msanga, isagone.

Kunena za msonkho, ambiri tinkaganiza kuti katundu wogwiritsidwa kale ntchito salipira, ena ankati zida zoimbira Mulungu zimangodutsa. Si choncho. Katundu wolowa m'dziko amadzera m'manja mwa a Malawi Revenue Authority, ndipo msonkho wa kasitomu sawerengera pa mtengo wogulira wokha, koma pa mtengo wogulira kuphatikiza wonyamulira ndi wa inshuwalansi. Pamwamba pake pamabweranso msonkho wa VAT. Ndiye kuti ulendo ukadula, msonkho nawo umakwera. Akuluakuluwo adachita ntchito yawo monga mwa lamulo, kulakwa kudali kwathu kosafunsa. Pitani ku ofesi yawo kapena kwa ejenti wovomerezeka musanagule, muwauze chimene mufuna kuitanitsa, akuwerengereni. Sungani lisiti la okushoni, pakuti ndilo umboni wa mtengo umene mudagulira. Wina akakunong'onezani kuti mulembe mtengo wabodza, kanani, chifukwa zikadziwika chindapusa chake n'chowawa ndipo katundu angathe kulandidwa. Funsaninso onyamula katunduwo, ndipo akuyankheni molemba, ngati mtengo wawo ukuphatikiza msonkho ndi ejenti kapena ayi. Katundu akafika musazengereze kukamuombola, popeza nyumba zosungiramo katundu zimalipiritsa masiku.

M'mene gulu lidagwedezekera

Amayi anzanga, ndalama ikatayika imapezekanso, koma chikhulupiriro chikatayika n'chovuta kuchitola. Pa msonkhano woyamba tidauza gulu kuti ng'oma tagula pa mapaundi 210, ndipo onse adaomba m'manja. Patapita mwezi tidabwera kudzapempha chopereka cha ulendo. Kenaka china cha kugwa kwa kwacha. Kenaka china cha msonkho. Miyezi ikupita, ng'oma osaoneka. Kodi inu mukadaganiza chiyani?

Manong'onong'o adayamba kumjigo ndi kuchigayo akuti mlembi ndi mwana wake adya ndalama za gulu, ng'omazo kulibe. Amuna a amayi ena adaletsa akazi awo kusonkhanso. Amayi awiri adapempha masheya awo n'kutuluka. Mlembi wathu, mayi amene wasunga mabuku athu mokhulupirika zaka zonsezi, adafika kwathu m'mamawa wina akulira. Adati: “Amayi a pampando, ine ndatopa ndi kulozedwa zala. Landirani mabuku anu.” Ndidachita manyazi, chifukwa mlandu sudali wake. Udali wa ife atsogoleri, makamaka ine, amene tidalengeza mtengo wa pa chithunzi ngati kuti ndiwo mtengo wonse.

Lachiwiri lotsatira tidayala mphasa, tidaika mapepala onse poyera: lisiti la okushoni, la mafuta, la makatoni, chikalata cha onyamula katundu chokhala ndi nambala ya kontena, ndi zithunzi zonse. Tidapempha mayi wina amene adali m'gulu la okayika kuti awerenge yekha mokweza, tambala ndi tambala. Ine ndidaimirira n'kupepesa. Pepani sapoletsa chilonda, komabe kuyambira tsiku limenelo manong'onong'o adazilala, ndipo mlembi adalandiranso mabuku ake.

Kufika kwa ng'oma

Ng'oma zidafika mu Epulo 2024. Tidakazitenga ku Lilongwe pa galimoto yahayala, imenenso idafuna yake. Titatsekula tidapeza kuti chopondera chija chidaponyedwa m'katoni ya ng'oma pa mphindi yomaliza chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndipo m'njira monse chidakhala chikugunda ng'oma yaing'ono mpaka kuing'alula m'mbali. Mmisiri wa matabwa wa pamsika pathu adaimata ndi guluu n'kuimanga masiku atatu, ndipo idagwira. Zikopa ziwiri zidali zotheratu. Chimodzi tidagula kutauni. Chinacho adatikonzera ndi agogo ena osema ng'oma m'mudzi mwathu, amene adakulunga chikopa cha mbuzi pa mkombero wa chikopa chakalecho.

Anyamata adaseka poyamba, koma agogowo sadalakwe. Kale ng'oma zachizungu nazo zinkavala zikopa za ana a ng'ombe, kufikira m'ma 1957 pamene zikopa za pulasitiki, monga zimene ankapanga Remo Belli ku America, zidayamba kufala. Kusiyana kwake n'kwakuti chikopa cha nyama chimalefuka nthawi ya mvula, pomwe cha pulasitiki sichisamala za nyengo. Ndipo muwachenjeze ana anu kuti ng'oma zimenezi saziwamba pamoto monga tichitira ndi zathu zija. Zimakungidwa ndi kakiyi kake, pomanga mabawuti moyang'anizana pang'onopang'ono. Pozisunga zikhale pa thandala, osati pansi, kuopa chinyontho ndi chiswe.

Titaphatikiza zonse tidapeza kuti pa paundi iliyonse imene tidapatsa wogulitsa, tidaonjezapo pafupifupi mapaundi atatu kuti ng'oma zifike ndi kuyamba kulira. Lero zikugwira ntchito. M'nyengo ya maukwati sizigona pakhomo Loweruka, ngongole tidamaliza, ndipo anyamata awiri aja akudzigulira sopo okha. Mmodzi mwa amayi amene adatuluka adabwerera. Winayo mpaka lero sadabwerere, ndipo ndikakumana naye kumsika timangopatsana moni wa pakamwa. Umenewo ndi mtengo wina wa ng'omazi umene sudalembedwe pa lisiti lililonse.

Yankho langa kwa amayi a ku Mponela ndi ku Balaka

Sindikukuletsani kugula, koma yambani ndi pepala ndi pensulo, lamya ibwere pambuyo. Lembani mzere uliwonse: mtengo wa pa okushoni, wokatengera katundu kwa wogulitsa, makatoni, ulendo wa panyanja, inshuwalansi, msonkho, ejenti, kosungira, galimoto yofikitsa kwanu, ndi zokonzetsa. Pansi pake ikanipo ndalama ina yapadera yodikira zadzidzidzi. Nambala imene yatuluka pamenepo ndiyo mukauze gulu, ndipo gulu livomereze aliyense akumva, zilembedwe m'buku.

Mukatero, tengani nambala yomweyo muyende nayo m'masitolo a zida zoimbira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mufunsenso mipingo ndi magulu oimba amene akugulitsa zida zawo zakale. Funsaninso abale a ku Johannesburg, kumene katundu amabwera pa msewu m'masiku owerengeka, ngakhale kuti msonkho ulipo ndithu. Mwina mudzapeza kuti ng'oma ya pafupi, imene mungathe kuigogoda ndi chala chanu musanalipire, ndiyo yotsika mtengo. Ngati ya kunja ipambanabe, onetsetsani kuti muli ndi munthu wokhulupirika kumeneko wodziwa ng'oma, ikani malire anu, ndipo pakhale mayi mmodzi wolimba mtima wonga msungichuma wathu woti adzanene kuti zisiyeni zipite. Lisiti lililonse liziwerengedwa pa msonkhano sabata yomwe lafika, osadikira kuti anthu ayambe kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za kalembedwe ka malamulo obwereketsera katundu wa gulu, pakuti kugula ndi kwina, kusamala ndi kwinanso. Pitirizani kundilembera kudzera kwa a mkonzi.